Tsiku Lomwe Galimoto Inakana Kupita Kumanda

Bungwe lomwe Makaiko ankagwirako ntchito ya udalaivala linali ndi galimoto ziwiri zamagetsi, zonse mapikapu, zonse zoyera, moti munthu wongodutsa pa ofesi yawo chakumtunda kwa Songani sakanatha kuzisiyanitsa. Zinkatchajidwa pa sola imodzi kuseri kwa ofesiyo. Zinkayenda mwakachetechete chimodzimodzi, ndipo nkhuku za m'njira zinkazizindikira mochedwa. Kusiyana kwake kunali kumodzi basi. Yomwe inabwera pambuyo inali ndi kakamera pamwamba pa galasi lakutsogolo ndi kachipangizo kena pamphuno, ndipo ikaona munthu kapena chinthu pafupi kwambiri kutsogolo kwake, inkalira pi-pi-pi n'kudzimangira mabuleki yokha, dalaivala asanaganize n'komwe zosuntha phazi. Yakale ija inalibe zimenezo. Inkadalira phazi la munthu monga galimoto zonse zomwe Makaiko anakulira nazo.

Makaiko anali atagwira chiwongolero zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi osagundapo ngakhale mbuzi, ndiye kulangizidwa ndi makina sankakukonda. Galimoto yatsopanoyo inali itamuimirapo kamodzi kokha, tsiku la msika pa Songani, wakabaza atadula msewu mosayang'ana. Makaiko anauza aliyense kuti wakabazayo anali atamuona kale. Komabe anali munthu wokonda kuoneka bwino pagulu, ndipo pamene Janeth, mkulu wa pa ofesi, anamuuza kuti atenge galimoto iliyonse mwa ziwirizo akathandize pa maliro a Dyna, iye sanayang'ane n'komwe yakale ija. Kumbuyo kwake kunkanunkha feteleza. Anati munthu saperekezedwa ulendo womaliza pa galimoto yonunkha feteleza, ndipo pamenepo sananame. Kungoti walira mvula walira matope.

Dyna anali mlembi wa kalabu ya ulimi wothirira yomwe bungwelo linkathandiza m'mudzi wina wa kwa Malemia. Anagwa ali kudimba Lachiwiri masana, Lachitatu n'kutsikira kulichete kuchipatala ku Zomba. Madokotala anati kunali kuthamanga kwa magazi. Koma kwathu kuno munthu wa zaka makumi anayi safa ndi matenda okha, pamayenera kupezeka womuthandiza, ndipo maso a anthu anali atayamba kale kugwera pa mwamuna wake, Zakaria.

Zakaria anali mkamwini m'mudzimo. Kwawo kunali ku Phalombe, komwe agogo ake anafikira pochokera ku Mozambiki, ndipo kwa mkazi wakeko anali atakhalako zaka pafupifupi makumi awiri. Nyumba yamalata anamanga ndi iye, koma pa dothi la eni. Dimba la m'mbali mwa mtsinje wa Domasi anaswa mphanje ndi iye, ndipo tomato wake ankabereka kuposa wa wina aliyense m'chigwamo. Tsono tomato wako akaposa wa anzako, palibe amafunsa kuti umadzuka nthawi yanji. Amafunsa kuti unapita kwa ndani, ndipo anakuuza kuti upereke chiyani. Zonsezi Makaiko ankazidziwa, chifukwa dalaivala amamva zambiri kuposa m'busa. Ankadziwanso kuti mawu omaliza anali kwa Ganizani, mchimwene wake wa malemu, mwinimbumba. Ndi iye akanagamula ngati Zakaria atsale pakhomo kulera ana ake atatu, kapena amusudzule msanga anyamule chikwama abwerere ku Phalombe, ana n'kutsala ndi mbumba. Ganizani sanali munthu wankhanza. Anali munthu wosweka mtima yemwe ankafuna womuloza chala.

M'mawa wa Lachisanu Makaiko anatenga thupi ku Zomba n'kuyenda nalo bwinobwino pa tala, kudutsa Songani, kukhotera msewu wafumbi mpaka pasiwa. Mwambo wa mapemphero unatha cha m'ma 2 koloko. Kumanda kunali kotalikirako, kuseri kwa minda chakuphiri, ndiye anagwirizana kuti bokosi lipite pa galimoto m'malo mwa mapewa a adzukulu. Analikweza, azakhali awiri a malemu n'kukhala m'mbali mwake. Zakaria anali asanadye kanthu masiku atatu, ndiye anamukwezanso n'kumukhazika chakumutu kwa bokosilo.

Dyna anali wa Mvano, ndipo maliro a wa Mvano ali ndi kayendedwe kake. Amayi ovala zoyera pamwamba ndi zakuda m'munsi amatsogola atanyamula nkhata zamaluwa, akuimba, ndipo satalikirana ndi mnzawo. Amayenda pafupi, kuti naye azimva nyimbo. Mtsogoleri wawo, mayi Mervis, anawandandalitsa m'mizere iwiri kutsogolo kwenikweni kwa galimoto, womaliza mumzere chitenje chake chikukhudza bampala. Abambo anadzaza m'mbali ndi m'mbuyo. Unali mwezi wa Febuluwale, chimanga chitatalika mbali zonse ziwiri za msewu, kopatukira kulibe.

Anayenda mwina mapazi makumi asanu. Amayi akutsogolo anachepetsa liwiro pokweza nyimbo, galimoto inalira pi-pi-pi, n'kuima njo! Bokosi linagwedezeka kumbuyo, azakhali aja n'kuligwira.

Mayi Mervis anabwerera mpaka pawindo.

"Adalaivala, mwatani? Mukusinza?"

"Si ine ayi, amayi, ndi galimotoyi. Ikaona munthu pafupi imadziimitsa yokha. Tauzani anzanuwo atalikireko pang'ono."

"Titalikire? Mnzathu timusiye m'mbuyo ngati thumba la chimanga?"

"Pang'ono chabe, amayi. Mapazi asanu."

Mayi Mervis anamuyang'ana monga amayang'anira mwana wa Sande sukulu wonama, koma anakauza anzawo. Amayi anasunthira kutsogolo mapazi asanu, ndipo mpata womwe anasiyawo unadzaza nthawi yomweyo ndi anthu ena, chifukwa pa maliro mpata sukhala wopanda mwini. Ulendo unayambanso. Galimoto inayenda pang'ono, gogo wina wotsimphina anatsalira mumzere, ndipo inaimanso.

Ikanakhala galimoto ya dizilo, palibe akanadabwa. Injini ikanatsokomola, utsi ukanatuluka, anyamata akanakankha akuseka chamumtima. Koma iyi inalibe phokoso loti munthu aliimbe mlandu. Inkangoyenda zii, n'kuima zii, ngati munthu woti wakumbukira chinachake. Nyimbo inayamba kuchepa mphamvu. Makaiko anamva mawu akuyenda m'gulumo kuchokera pakamwa kupita pakamwa, ndipo sanafunikire kuwamva bwino kuti awadziwe: maliro akukana. Aliyense m'chigwamo anakula akumva za bokosi lomwe linalemera mwadzidzidzi pamapewa a adzukulu, malemu atakana kupita kumanda mpaka yemwe anawachita chipongwe atadziwika. Ambiri mwa anthuwo anali ochokera kutchalitchi, ndipo akanafunsidwa Lamulungu akanati zimenezo n'zachikunja. Koma ili linali Lachisanu.

Njira yothana ndi mabuleki odzimanga okhawo Makaiko ankaidziwa imodzi: kuponda moto mwamphamvu, galimoto n'kumvera phazi lako. Koma galimoto yamagetsi ukaiponda choncho imalumpha ngati mwana wa ng'ombe, ndipo kutsogolo kwake kunali amayi makumi atatu. Anapukuta thukuta n'kuyambanso kuyenda pang'onopang'ono, akupemphera kuti anthu atalikire.

Kachitatu inaima pa kamlatho. Pamenepo msewu umapanikizika, anthu oyenda m'mbali amakakamizika kulowa pakati, ndiye galimoto sikanachitira mwina. Tsoka lake linali lakuti pa kamlatho pomwepo ndi pamene pamapatukira kanjira kopita kudimba la Zakaria, kumene Dyna anagwera. Nyimbo inatha yokha. Mayi wina anayamba kulira mokweza akutchula dzina la malemu.

Mmodzi wa adzukulu anati angolitsitsa bokosilo alinyamule pamapewa, nthawi ikutha. Ganizani anakweza dzanja.

"Ayi. Wakana pa galimoto akananso pamapewa. Timve kaye."

Anabwera pawindo la Makaiko, maso ali psuu, n'kulankhula motsitsa mawu, koma anthu anali chete moti onse anamva.

"Achimwene, galimotoyi yawonongeka?"

"Ayi, ili bwinobwino."

"Magetsi atha?"

"Alipo ambiri."

"Mabuleki mukuponda ndinu?"

"Ayi, si ine. Ndi makina, bambo. Ikaona munthu kutsogolo…"

"M'mawa muja kuchokera ku Zomba, anthu munsewu munalibe?"

"Analimo."

"Inaima kangati yokha?"

"Sinaime."

Ganizani anagwedeza mutu pang'onopang'ono n'kuchoka pawindopo. Makaiko anali mkulu wa mpingo ku Malosa komwe ankakhala, munthu wodziwika kuti sanama, ndipo apa anaona kuti mayankho ake onse oona aja apita kukagwera pamutu pa munthu wosalakwa. Mtima unamuwawa, komanso anakwiya: ndi galimoto, ndi anthu, ndi iye mwini chifukwa chonyoza fungo la feteleza. Anatulutsa foni, anakweza mawindo onse kuti amve bwino, n'kuimbira Janeth.

"Amayi, zavuta kuno. Mabuleki odzimanga okhawa amazimitsidwa bwanji?"

"Mukufuna kuzimitsiranji, a Makaiko? Paja tinaigula dala chifukwa cha omwewo."

"Ndidzafotokoza. Chonde, fulumirani."

Janeth anapita kukasaka buku la galimotoyo m'kabati. Analipeza, anasaka tsamba, netiweki inaduka, Makaiko anaimbanso. Kenako anayamba kumuwerengera: dinani kachithunzi ka galimoto pa sikirini, pitani pansi, ayi osati pamenepo, bwererani, dinani pomwe pali kagalimoto kakugunda chinthu. Makaiko anawerama, mphuno pafupi ndi sikirini, magalasi ake owerengera ataiwala kunyumba. Zonsezi zinatenga mphindi mwina zisanu kapena zisanu ndi imodzi, ndipo nthawi yonseyo sanadzutse mutu.

Zomwe zinkachitika kumbuyo sanazione, anadzazimva pambuyo pake. Ganizani anazungulira galimoto n'kuima pafupi ndi Zakaria. Sanakuwe, sanatukwane. Anangoti, "Alamu, tatsikani kaye. Tione." Zakaria anayang'ana bokosi, anayang'ana gulu, n'kutsika osanena kanthu, chifukwa mkamwini pa maliro a mkazi wake alibe pakamwa. Anthu anamupatukira ngati wanyamula moto. Anakaima yekha m'mbali mwa kamlatho.

M'kati mwa galimoto sikirini inafunsa ngati dalaivala akutsimikizadi. Makaiko anadina kuvomera. Kanyali kachikasu kanayaka kusonyeza kuti makinawo azima. Anathokoza Janeth, anapumira m'mwamba, anaimba hutala pang'ono kuti amayi ayambe kuyenda, ndipo galimoto inanyamuka myaa, kuwoloka kamlatho, anthu ali pafupi nayo mbali zonse, osaimanso.

Gulu lonse linati "Aaa!" nthawi imodzi. Makaiko anayesa kuti akusangalala. Anatsitsa windo, koma m'malo mwa nyimbo anamva mfuu ya amayi, ndi mawu a mwamuna wina akuti, "Taonani! Watsika, yayenda!" Anayang'ana pa galasi loonera kumbuyo. Chakumutu kwa bokosi kunalibe munthu. Patali pang'ono, pa kamlatho paja, Zakaria anali chiimire, manja ali lende, anthu akumudutsa motalikira, ndipo ana ake atatu azakhali ena anali atawagwira manja kuwakokera kutsogolo.

Makaiko anamvetsa zonse nthawi imodzi. Mlandu unali utatha, mboni yake galimoto, wousainira iye. Akanatha kuima n'kufotokoza kuti wangozimitsa makina, koma anali atafotokoza kale kawiri, ndipo kufotokozako ndi kumene kunafikitsa zinthu apa. Anthu anali ataona ndi maso, ndipo maso sakangana ndi buku la m'kabati ya ku Songani. Iyenso anali mkamwini. Nyumba yomwe ankagonamo ku Malosa anaimanga ndi iye pa dothi la akuchikazi, ndipo ankadziwa kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Anayenda mapazi ena makumi awiri, mpaka pomwe msewu unatambasuka ndipo kutsogolo kwa galimoto kunali mpata woonekeratu. Pamenepo anaponda buleki ndi phazi lake, mwamphamvu, bokosi mpaka kugunda kumbuyo kwa kabini.

Kunalibe pi-pi-pi ulendo uno, koma palibe anazindikira zimenezo. Makaiko anachotsa manja pa chiwongolero n'kuwaika pamiyendo, kuti aliyense aone. Phazi lokha ndi lomwe linatsala pantchito pansi pomwe maso safika.

Ganizani anafika akuthamanga.

"Chachitikanso n'chiyani?"

"Mukuona nokha, bambo," anatero Makaiko, akuyang'ana kutsogolo.

"Tayesaninso."

Makaiko anagwira chiwongolero, anasuntha mapewa ngati akuyesetsa, phazi lili pomwepo. Galimoto sinasunthe. Anachita manyazi kwambiri, munthu wamkulu ngati iye kuchita sewero pamaso pa maliro, koma phazi sanachotse.

Ganizani anacheuka kumbuyo. Munthu yemwe ankamuganizira anali kutali, pa kamlatho, koma malemu anali akukanabe. Anayang'ana azakhali awiri aja pa galimoto, ndipo azakhaliwo anayamba kuyang'anana mwamantha, aliyense akuwerenga m'mutu mikangano yomwe anakhala nayo ndi Dyna. M'gulumo anthu anayamba kuyang'ana pansi. Mlandu ukasowa mwini umatha kugwera aliyense, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo.

Mayi Mervis anabwera pawindo kachiwiri. Anayang'ana nkhope ya Makaiko, anayang'ana manja ake, kenako maso awo anatsikira pansi pa chiwongolero n'kukhala kumeneko kanthawi. Mayiwo anakonza duku lawo n'kutembenukira ku gulu.

"Inu anthu, mwayenda naye mtunda wonsewu osamumva mnzathuyu? Wayenda pang'ono, wacheuka, wapeza amuna ake kulibe. Ndani mwa inu angapite ulendo ngati uwu bambo a ana ake atatayidwa panjira ngati galu? A Ganizani, kawatengeni alamu anu."

"Koma amayi, poyamba paja…"

"Poyamba paja ankamva zomwe mwakhala mukunong'onezana kuyambira Lachitatu. Inu mukanayenda? Kawatengeni. Tione, monga munanenera inu eni."

Kenako Ganizani anabwerera yekha mpaka pa kamlatho, gulu lonse likumuyang'ana, n'kumugwira Zakaria pamkono. Anabwera naye pang'onopang'ono, anamuthandiza kukwera, Zakaria n'kukhalanso chakumutu kwa bokosi, dzanja lake pamwamba pa thabwa. Makaiko anadikira mpaka ataona dzanjalo pa galasi. Anachotsa phazi.

Galimoto inayenda. Inayenda mpaka kumanda osaimanso, amayi ali pafupi nayo monga amafunira, nyimbo itabwerera ndi mphamvu yoposa poyamba. Makaiko anayendetsa mtunda wotsalawo mosamala kuposa tsiku lina lililonse pa moyo wake, podziwa kuti tsopano panalibenso china choteteza amayiwo kupatula iye. Za kuima katatu koyamba kuja palibe anafunsanso. Anthu anasankha kuima komwe kunawakomera kukumbukira, ndipo pofika madzulo nkhani inali itafika kale pa Songani kuti Dyna wa kwa Malemia anakana kupita kumanda popanda mwamuna wake.

Kumanda, itafika nthawi yoti mwinimbumba alankhule, Ganizani anathokoza mpingo, adzukulu ndi bungwe lomwe linapereka galimoto. Kenako anawonjezera mawu omwe sanawakonzekere: kuti mlongo wake wanena yekha pamaso pa anthu, ndipo iye sangatsutsane ndi wakufa. Alamu akhala pakhomo, alere ana. Atatero anakhala pansi n'kuphimba nkhope ndi chipewa.

Makaiko sanalowe nawo m'manda. Anatsala m'galimoto pansi pa mtengo wa mango, akuganiza zomwe akauze Janeth, ndi zomwe akauze Mulungu, ndipo zonse ziwiri sizinkamuyendera. Anthu atayamba kubalalika, anaona Zakaria akubwera yekha, dothi lofiira lili m'manja ndi m'maondo. Anaima pawindo. Kwa nthawi yaitali ankangosisita chitseko cha galimotoyo ndi chala.

"Achimwene," anatero potsiriza, "ine sukulu ndinapitako pang'ono. Zomwe munkanena zija ndinazimva, zoti ndi makina. Ndinakukhulupirirani. Koyamba kaja, kachiwiri, ndi pa mlatho paja, anali makina, eti?"

"Anali makina."

"Nanga komaliza kaja? Kutsogolo kunalibe munthu. Ndinaona ndili pa mlatho." Anakweza maso. "Anthu akuti inu simunama. Ndiuzeni zoona. Analinso makina?"

Makaiko anayang'ana kanyali kachikasu kaja, kali chiyakire. Anayang'ana munthuyo, yemwe masiku atatu onsewo anthu anamudya ndi maso ndipo sanagwetse msozi ngakhale umodzi pagulu.

"Ayi," anatero. "Nthawi imeneyo makina ndinali nditawazimitsa kale."

Zakaria anagwedeza mutu kangapo.

"Ndinadziwa," anatero. "Dyna sakanandisiya panjira."

Anatsamira chipumi pa chitseko cha galimoto n'kuyamba kulira mokweza ngati mwana, ndipo Makaiko anatulutsa dzanja pawindo n'kumugwira paphewa, osawonjezerapo mawu.